Za Mau Akuti "Makani"

Alipo mau amene timva tsiku ndi tsiku pamudzi, pabwalo la milandu, kudimba, ngakhale pakhomo pa tchalitchi tikatuluka m'mapemphero, ndiwo mau akuti makani. Mai anena kwa mwana wake, "Leka makani." Nyakwawa ikatopa ndi munthu wozengedwa mlandu iti, "Uyu ngwamakani." Ndipo mwamuna ndi mkazi wake aponyerana mau omwewa usiku wonse, yense nayesa kuti wamakani ndi mnzakeyo. Mauwa afanana ndi khasu lobwerekana mudzi wonse, limene labuntha, ndipo palibe wolinola. Tsono mwezi uno ndifuna kuti tiwanole pang'ono, pakuti ndiona kuti tiwatchula pamene sayenera, ndipo pamene ayenera tikhala chete. Ndipo kukhala chete kumeneko kwaonjeza manda m'dziko lathu lino.

Abale athu a kumpoto, Atumbuka, akatimva tikudandaula za makani angaseke, pakuti kwao makani ndi nkhani chabe, ndipo Mthenga Wabwino womwe autcha makani abwino. Koma kwa ife Achewa ndi Angoni a kumapiri kuno mauwa ali ndi abale ena, ndipo onse atuluka m'mimba imodzi, ndiyo kukana. Pali kukanitsitsa, pali kukaniza mnzako chinthu, pali kukanika kwa ntchito imene yatilaka, ndipo mwana amene makolo alephera kumlanga timutcha wokanika. Palinso kukana kwa mtu wa galu, kumene munthu akana osasiya ndi kampata komwe.

Kukana pakokha si tchimo iai. Tsiku la ubatizo wathu tinafunsidwa pamaso pa Mpingo ngati tikana Satana, ndipo kukana kumeneko ndiko kunali khomo lathu lolowera. Karoli Lwanga ndi anzake, anyamata a kunyumba ya mfumu Mwanga ku Uganda, anakana zonyansa zimene mfumu inawafunira, nakana kusiya chipembedzo chao, natenthedwa pa Namugongo pa 3 June 1886. Ndipo amene anawaphunzitsa anali a chipani chomwecho cha ansembe amene anafika ku Mua m'chaka cha 1902. Kodi tinganene kuti anyamata amenewo anali amakani? Mfumu Mwanga akadatero, koma ife sititero.

Chifukwa chake tisiyanitse kukana kuwiri. Munthu akati, "Sindifuna," akana ndi mtima wake, ndipo mtimawo ngwake. Adzayankha yekha kwa Mulungu ngati anakana chabwino kapena choipa. Koma akati, "Sichiri chotero," pa chinthu chimene chiri chotero ndithu, pamenepo akana chimene alibe ulamuliro wakuchikana. Mvula ikagwa usiku, ndikhoza kukana kupita kumunda. Sindikhoza kukana kuti nthaka yanyowa. Za kukana kwachiwiriku ndizo ndifuna kunena.

Komabe si onse onena kuti "Sichiri chotero" ali amakani. Woyamba ndiye wosadziwa. Gogo amene sanamve konse kuti malungo adza ndi udzudzu akatsutsa mdzukulu wake wa kusukulu, alibe mlandu. Afunika womfotokozera mofatsa, ndipo nkhani yatha. Wachiwiri ndiye wokayika. Tomasi mtumwi anakana kukhulupirira anzake pa za kuuka kwa Ambuye, koma taonani mmene anakanira. Anatchula chimene chikadamkhutitsa, ndicho kuona ndi kukhudza mabala. Ndipo atapita masiku asanu ndi atatu anapezeka m'nyumba momwemo pamodzi ndi anzake, ndiko kunena kuti sanathawe pamalo pamene umboni ukadampeza. Umboni utafika, anagonja pomwepo. Munthu wotere tisamnyoze. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo mudzi wopanda ofunsa ugulitsidwa mankhwala abodza ndi aliyense wodutsa.

Wachitatu ndiye wabodza, amene adziwa bwino chimene chinachitika, nanena china kuti abise. M'mwezi wa May 1983 nduna zitatu za boma, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti anachita ngozi ya galimoto. Patapita zaka 11, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Harry Mtegha linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, nakankhidwira kuphompho m'galimotomo ali akufa kale. Khoti linamasula mu December 1995 akulu amene anaimbidwa mlandu wolamula zimenezo, koma za ngozi palibe anazinenanso. Amene anakonza nkhani ya ngoziyo sanali osadziwa, sanali okayika. Anali abodza, ndipo tiwatche ndi dzina lao.

Wamakani ndi wachinai, ndipo iye ndiye wovuta kumzindikira, pakuti asananamize anzake ayamba wadzinamiza yekha. Werengani mutu wa 9 wa Mthenga wa Yohane, za munthu wobadwa wakhungu amene Ambuye anampenyetsa. Akulu a chipembedzo anamuitana namfunsa, anawauza. Sanakhulupirire kuti anali wakhungu, naitana makolo ake; makolo anavomera kuti mwanayo ngwao, ndi kuti anabadwa wosaona. Anamuitananso kachiwiri namfunsa zomwezo. Ndipo atasowa ponena, anamtukwana namtulutsa kunja. Mboni zonse zinali pamaso pao, ndipo munthuyo anali kuwapenya ndi maso ake awiri. Chimene chinasowa si umboni iai. Akadavomera, akadayenera kuvomeranso za Iye amene anamchiritsa, ndipo chimenecho mitima yao inachikana kale asanayambe kufunsa. Tomasi anafunsa kuti adziwe. Awa anafunsa kuti apeze pothawira.

Makolo athu anatisiyira muyeso woyesera anthu awiriwa, ndipo suli m'buku la sukulu koma m'nkhani ya alenje. Adati kutsutsa galu nkukumba. Galu akaima pa una nauwa, nakanda, mlenje ali nao ufulu wonse wakunena kuti mulibe kanthu umo. Koma njira yakutsutsira galuyo ndi imodzi yokha, ndiyo kutenga khasu. Ukakumba nupeza una wopanda kanthu, wapambana ndiwe. Ukapeza nyama, wapambana ndi galu, ndipo iwenso udya ndiwo. Koma mlenje amene akana kukumba, namenya galu kuti aleke phokoso, ameneyo ndiye wamakani. Tsono chizindikiro cha makani sichiri m'mau akuti iai; chiri m'kukana khasu. Ukafunsa munthu kuti, "Nanga chimene chingakutembenuze mtima nchiyani?" wokayika adzakutchulira, wamakani adzasintha nkhani, kapena adzakwiya.

Amene ali ndi zaka zoposa 30 akumbukira njala ya 2002. Zokolola za 2001 zinachepa chifukwa cha mvula yochuluka ndi madzi osefukira, ndipo mvula yina isanagwe nkhokwe zambiri za m'chigawo chapakati zinali zitagona pansi. Anthu anagulitsa mbuzi ndi nkhuku pa mtengo wa misozi, nagulitsa mbale, makasu ndi malata a padenga. Anadya gaga, anakumba zitsa za nthochi nazisinja, anadya chimanga chisanakhwime. Ana anatupa mapazi, ndipo ogwidwa akuba m'minda anamenyedwa moopsa ndi anansi ao omwe. Agalu anauwa, ndikhululukireni fanizoli, pakuti ndinena za anthu olemekezeka. Ansembe ndi abusa amene anali kuika maliro ananena. Anamwino a m'zipatala za mishoni ananena. Bungwe la Save the Children linayesa ana ku Mchinji ndi ku Salima kumapeto kwa 2001, nilichenjeza kuti zinthu zaipa. Koma akulu ambiri, a boma ndi ena a maiko othandiza omwe, anali ndi mapepala a chiwerengero cha zokolola, ndipo mapepalawo anati chinangwa ndi mbatata zachuluka m'dziko, kotero kuti vuto ndi Amalawi amene aumirira nsima ya chimanga. Chinangwa cha papepala sichiphikika. Munthu akadakwera njinga kuchokera pa Linthipe kufika ku Bembeke, nasuzumira m'nkhokwe khumi zokha, akadadziwa zoona tsiku lomwelo.

Panali chifukwa china chimene chinalemetsa khasu. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa miyezi ya m'mbuyo, ndipo wovomera njala akadafunsidwa kumene chinapita. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, analengeza kuti dziko liri pa tsoka pa 27 February 2002, pamene kunatsala masabata owerengeka kuti anthu ayambe kukolola; ndipo chakudya chochokera kunja sichifika tsiku limodzi. Anthu oposa 1,000 anafa ndi njalayo, ndipo kolera inatenganso ena ambiri amene matupi ao anali atafooka kale.

Kodi akulu onsewo anali abodza? Sindiyesa chotero. Ndiyesa kuti ambiri anakhulupiriradi mapepala ao, chifukwa kuwakhulupirira kunali kosalipira, ndipo kukhulupirira ansembe kunali ndi mtengo. Apa ndipo pali muzu wa makani. Choonadi china chibwera chopanda ngongole, monga kutalika kwa phiri la Dedza, ndipo chotero palibe achikana. Koma choonadi china chibwera ndi ngongole m'manja: ukandivomera ine, uyenera kusiya chakuti, kulipa chakuti, kuchita manyazi pamaso pa akuti. Munthu akaona ngongoleyo ali patali, mtima wake uthamanga nutseka chitseko nzeru zisanadzuke. Nchifukwa chake makani sasankha osaphunzira. Ndipo wophunzira apambana ena pa makani, pakuti ali ndi mau ambiri omangira mpanda.

Za mpanda umenewu, tamverani za fodya, ndipo alimi anzanga asamve ngati ndiwanyoza. M'chaka cha 1950 akatswiri awiri a ku England, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa kuti osuta fodya ndiwo agwidwa kwambiri ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mu 1964 mkulu wa zaumoyo ku America anatsimikiza zomwezo. Makampani a ndudu sanati poyera, "Fodya ndi wabwino." Anachenjera koposa apo. Zaka makumi ananena kuti nkhaniyo sinatsimikizike, afunika kufufuzabe. Taonani, wamakani wabwereka malaya a Tomasi! Aoneka ngati wofatsa wofuna umboni. Koma ukamkumbira una umodzi akuonetsa wina, ukakumba umenewo akuti khasu lako nlopindika. Azungu ataona khalidwe lotere likuchuluka anapanga liu lakelake lolitchulira, makamaka chifukwa cha anthu amene akana kuti boma la Hitler linapha Ayuda 6,000,000, chinkana manda, mabuku a akuphawo ndi mboni zopulumuka zilipo. Ndipo ku Germany kukana kumeneko ndi mlandu wa kukhoti. Ife sitisowa liu latsopano. Lathu lilipo, lingofuna kunoledwa.

Koma tisathamangire ku ma ofesi ndi ku maiko akutali, ngati kuti makani akhala kumeneko kokha. Makani amene anatipweteka koposa anagona m'nyumba zathu. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwa akulu asanu ndi awiri alionse mmodzi anali ndi kachirombo. Midzi yonse inaona aphunzitsi, asilikali, anyamata obwera ku tauni ndi akazi ao akuonda ndi kufa motsatizana. Ndipo tamverani maina amene nthendayo inapatsidwa kuti dzina lake lisatchulidwe: kaliwondewonde, matenda a boma, matenda a masiku ano. Ena anati ndi kanyera, ena anati ndi tsempho, ambiri anati walodzedwa; ndipo pamaliro wolankhula m'malo mwa banja anangoti malemuwa adwala nthawi yaitali. Kutchula chinthu mophiphiritsa pofuna kulemekeza ofedwa si makani, ndi ulemu wa makolo. Koma pamene mwamuna aika mkazi wake, naika wachiwiri, naika khanda, nakafunsira wachitatu osayezetsa magazi, nati adani akumlodza, pamenepo ulemu watha, chatsala ndi kukana khasu. Ndipo amene alipa si iye yekha. Nkhalamba zingati zinanenedwa ufiti chifukwa cha imfa zimene kachirombo kanachita?

M'chaka cha 1995 anthu mazana a zikwi anakwera malole kupita kwa Billy Goodson Chisupe m'boma la Machinga, kukamwa mchape umene iye anati analota kuti uchiritsa Edzi. Ulendo wautali wotero anaupirira. Ulendo waufupi wa kuchipatala kukayezetsa anauopa. Ndipo ku Joni, kumene ana athu ambiri apita kukagwira ntchito, makani anakhala pa mpando waukulu. Mtsogoleri Thabo Mbeki m'chaka cha 2000 anayamba kukayikitsa anthu ngati kachirombo ka HIV ndiko kayambitsa Edzi, ndipo nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inayamikira adyo ndi mandimu pamene mankhwala enieni anachedwetsedwa. Akatswiri a ku Harvard anawerenga mu 2008 kuti anthu oposa 330,000 anafa chifukwa cha kuchedwako. Mbeki anali munthu wowerenga mabuku ambiri, ndipo mkwiyo wake pa Azungu onena kuti Afrika ndi dziko la zonyansa unali ndi chifukwa chake; koma kachirombo sikamva za mkwiyo wa munthu.

Tsono pano pali chinthu chimene ndifuna muchisunge, pakuti chionetsa chimene makani adya. Zaka zonse zija aphunzitsi, a wailesi ndi alaliki anafuula, ndipo oyezetsa anali owerengeka. Nanga munthu akadayezetseranji? Mankhwala kunalibe, chimene akadalandira ndi chiweruzo cha imfa, ndi kusalidwa ndi anansi, ndi kumva alaliki ena akunena kuti nthendayo ndi chikwapu cha achigololo, chinkana odwala ambiri anali akazi okhulupirika ndi makanda. Koma mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za dziko lino. Anthu anaona mnzao amene anamnyamula pa machira akubwera yekha, nagwiranso khasu. Ndipo mizere ya oyezetsa inatalika popanda wowakalipira. Umboni wakuti kachirombo kalipo sunachuluke chaka chimenecho kuposa kale. Manda anali atauonetsa kale mokwanira. Chimene chinasintha ndi mtengo wa kuvomera. Anathandizanso akulu amene anayamba kulipa manyaziwo iwo eni: Kenneth Kaunda wa ku Zambia anaulula mu 1987 kuti mwana wake anafa ndi Edzi, Muluzi anaulula za mbale wake mu 2004, ndi Nelson Mandela za mwana wake mu 2005. Wamkulu akatchula dzina la chirombo, ana aleka kunong'ona.

Ndidze tsopano ku mbali yina ya mauwa, imene ndiiopa chimodzimodzi. Liu lakuti makani ndi mwala wosavuta kutola, ndipo wamphamvu ndiye afulumira kuutola. Pa 8 March 1992 inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti. Inanena zimene aliyense anali kuziona ndi maso: kusiyana kwa olemera ndi osauka, kuchepa kwa malipiro, kudzaza kwa ana m'makalasi, kusowa kwa zofunika m'zipatala, anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi mantha akulankhula. Masiku amenewo chimene chinayesedwa chokhazikika, chonenedwa pa wailesi ndi pa misonkhano yonse, chinali chakuti Amalawi ali pa mtendere, akhuta, avala, ndipo nyumba zao sizidontha. Tsono pabwalo limenelo amene anaoneka otsutsa zodziwika anali maepiskopi. Anaitanidwa ndi apolisi, kalatayo inaletsedwa kotero kuti kupezeka nayo kunali mlandu, nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Chaka chotsatira, pa 14 June 1993, anthu anaponya voti nasankha zipani zambiri. Amakani anali yani pamenepo? Yesani ndi muyeso wa alenje. Maepiskopi anati, idzani mudzaone m'zipatala ndi m'ndende. Enawo anamenya galu.

Chifukwa chake munthu asatiuze kuti chinthu nchokhazikika pa chifukwa chakuti wanena ndi wamkulu, kapena kuti onse atero. Tifunse kuti anakumba ndani, anapeza chiyani, ndipo kodi wina aloledwa kukumbanso pomwepo. Zaka mazana asing'anga ophunzira a ku Ulaya anaphunzitsa kuti malungo adza ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina la nthendayo m'chinenero cha ku Italy litanthauza mpweya woipa. Ronald Ross sanakhutire. Sanangoti iai nakhala pansi. Anatumbula udzudzu wosawerengeka ku India kufikira mu 1897 anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo ena atayesanso anapeza zomwezo. Iye anatsutsa chiphunzitso chakalecho, koma anachitsutsa ndi khasu. Ndipo masikito amene tigonamo lero ndi zipatso za kutsutsa kwakeko. Chokhazikika chenicheni ndi chimene chakumbidwa ndi anthu ambiri osapangana, ena a iwo ofunitsitsa kuchigwetsa, nichikhalabe chiriri.

Tinaona mitundu yonseyi itasakanizika pa mliri wa korona. Nthendayo italowa m'dziko mu April 2020, ambiri anati ndi ya Azungu ndi olemera, kapena kuti ndi njira ya akulu yopezera ndalama. Pa 12 January 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira nayo tsiku limodzi, ndipo zipatala zinasowa mpweya wopatsa odwala. Amene ananenabe pambuyo pa zimenezo kuti nthendayo kulibe, amenewo liu lathu liwayenera. Koma katemera atafika mu March chaka chomwecho, ndipo amai a kumudzi nafunsa ngati sawatseka mimba, ophunzira ena anafulumira kuwatcha amakani ndi mbuli. Ameneyo anali mwala woponyedwa kwa Tomasi. Mai wofunsa za mimba yake afunsa za chuma chake chonse, ndipo ayenera yankho lomveka lochokera kwa munthu womdziwa. Ndipo kukayika kwa anthu kunali ndi podyera, pakuti chaka chomwecho kafukufuku wa boma lomwe anaonetsa kuti mwa K6.2 biliyoni zoperekedwa kulimbana ndi mliriwo, zina zinaonongedwa mosayenera. Koma apa ndipo pofunika kusamala. Kuba kwa ndalamazo kunali koona, ndipo nthendayo inalinso yoona. Wamakani atenga choonadi chimodzi nachiyesa chibonga chophera chinzake.

Nanga liuli tiligwiritse bwanji m'miphakati yathu? Ndiyesa kuti tisafulumire kulimata pa munthu ngati dzina lake, pakuti munthu ukamtcha wamakani pamaso pa anzake wamuonjezera ngongole. Tsopano kuvomera kwake kudzakhalanso kugonja pagulu, ndipo adzaumitsa khosi koposa. Petro anakana Ambuye katatu chifukwa cha mantha pabwalo la mkulu wa ansembe, ndipo atauka Ambuye sanamuitanire bwalo lakumchititsa manyazi. Anamkonzera chakudya m'mbali mwa nyanja, namfunsa katatu za chikondi, nampatsanso ntchito. Tiyambe ndi kufunsa tokha kuti munthuyu aopa kutaya chiyani akavomera: ukwati kodi, ulemu kodi, malonda kodi, kapena chikhulupiriro chimene anakulira nacho? Tikachipeza chimenecho, tapeza pogwira. Koma tisagwere kwina, kumene chifundo chisanduka kuopa kunena. Pamene kukana kwa munthu mmodzi kuika moyo wa wina pangozi, ankhoswe ndi akulu a mphakati ayenera kulitchula liuli poyera ndi mosazungulira, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Mlandu wotere ulipo pakati pathu kufikira lero. Chiyambire 2011 mai woyembekezera akapezeka ndi kachirombo kusikelo, ayamba mankhwala nthawi yomweyo, ndipo makanda ochuluka abadwa opanda nthenda chifukwa cha dongosolo limeneli, limene Malawi ndiye analiyamba maiko ena nalitsata. Akazi ayezetsa, pakuti mimba iwafikitsa kuchipatala. Koma amuna ambiri atsala kunyumba, nati, "Mkazi wanga akapezeka bwino, ndiye kuti inenso ndiri bwino." Anamwino afotokoza kuti sizitero, kuti m'banja limodzi wina akhoza kukhala nako wina alibe, ndipo mabanja otere ngochuluka, koma mwamunayo akuti alibe nthawi, mbatata ya kachewere ifuna kukumba, adzapita mwezi wa mawa. Mnzake wa mumphakati amene anayezetsa kale asamlalikire pa gulu. Apite kwao mmawa ndi njinga, amuuze kuti, "Achimwene, tiyeni, ine ndiyambe, inu mutsate," ndipo akakhale naye pa benchi kufikira namwino atawaitana.